Arduino: kabolodi kamene anthu wamba akupangira makina awoawo

Pa 27 Febuluwale 2010, usiku anthu ali m'tulo, chivomerezi champhamvu ya 8.8 chinagwedeza dziko la Chile ndipo anthu oposa 500 anafa. Mnyamata wina wa mumzinda wa Santiago, Sebastián Alegría, anapulumuka koma nkhaniyo sinamuchoke m'mutu. Chaka chotsatira, ali ndi zaka 14, anagula kachipangizo kochenjeza za chivomerezi kamene anthu amaika m'nyumba, n'kukamasula. Kachipangizoka kamamva mafunde oyamba a chivomerezi, amene amathamanga kwambiri koma sagwetsa makoma, ndipo kamalira mafunde owononga asanafike. Chimene chinkamudandaulitsa n'choti belu lakelo linkamveka m'nyumba imodzi yokha. Anatenga mawaya a kachipangizoko n'kuwalumikiza ku kabolodi kotchedwa Arduino, kenako ku intaneti, moti nthaka ikangoyamba kunjenjemera uthenga unkatuluka wokha pa Twitter. Anthu masauzande ambiri anayamba kutsatira tsambalo. Chenjezo lake linkabwera kutangotsala masekondi ochepa, koma masekondi amenewo amakwana kuti munthu achoke pafupi ndi galasi kapena abisale pansi pa tebulo.

Mnyamatayu sanali injiniya ndipo analibe fakitale. Kabolodi kamene anagwiritsa ntchito kanapangidwa dala kuti munthu wotere athe kukagwira.

Ukakaona koyamba sikachititsa chidwi. Mtundu wake wotchuka kwambiri, Arduino Uno, ndi wa masentimita osakwana 7 m'litali ndi 5 ndi pang'ono m'lifupi, ndipo umalemera magalamu 25. Pakati pake pali chip yakuda yotchedwa ATmega328P. Imeneyi ndiyo microcontroller, kakompyuta kathunthu kokhala m'kachidutswa kamodzi, kopanda sikirini, kopanda kiyibodi, kotsatira pulogalamu imodzi yokha kuyambira pamene magetsi alowa mpaka pamene achoka. M'mphepete mwa bolodi muli timabowo tolowetsamo mawaya, timene amatitcha mapini. Mapini 14 amadziwa zinthu ziwiri zokha, kuyaka ndi kuzima. Ena 6 amatha kuyeza kuchuluka kwa mphamvu ya magetsi, kuyambira pa 0 kufika pa ma volt 5, n'kuisandutsa nambala ya pakati pa 0 ndi 1023.

Mphamvu zake n'zochepa kwabasi. Malo osungira pulogalamu ndi makilobayiti 32, pamene malo oganizira ndi makilobayiti 2 okha. Chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni yotchipa sichingakwanemo ngakhale pang'ono. Koma ntchito zimene kabolodika kamapatsidwa sizifuna nzeru zochuluka. Kali ngati mlonda wa pageti amene anauzidwa chinthu chimodzi, kuti ukaona chakuti uchite chakuti, ndipo amachita zomwezo usana ndi usiku osawodzera. Ma chip amtunduwu alimo kale m'zinthu zambiri zapakhomo: mu rimoti ya TV, mu mita ya magetsi ya mayunitsi, m'makina ochapira, m'galimoto. Kwa zaka zambiri amene ankatha kuwalamula anali akatswiri okha okhala ndi zida zodula. Arduino inachotsa mpanda umenewo.

Sukulu imene inatsala pang'ono kutsekedwa

Ivrea ndi tauni ya kumpoto kwa Italy, kufupi ndi Turin, yomwe inatchuka chifukwa cha kampani ya Olivetti yopanga mataipilaita ndi makompyuta. M'chaka cha 2001 kumeneko kunatsegulidwa sukulu yotchedwa Interaction Design Institute Ivrea. Ophunzira ake ambiri anali anthu a luso lojambula ndi kukonza maonekedwe a zinthu, osati a masamu kapena zamagetsi. Ankafunika kupanga zinthu zimene zimayankha munthu akazikhudza, monga nyale yosintha kuwala wina akayandikira. Pa ntchito imeneyi ankagwiritsa ntchito kachipangizo ka ku America kotchedwa BASIC Stamp, komwe kankadula pafupifupi madola 100, ndalama zambiri kwa mwana wasukulu amene mwina akakawotcha pa tsiku loyamba.

Wophunzira wina wa ku Colombia, Hernando Barragán, anasankha vuto limeneli kukhala mutu wa kafukufuku wake womaliza, womwe anamaliza mu 2004. Anapanga bolodi komanso njira yosavuta yolembera mapulogalamu, n'kuitcha Wiring. Anatengera chitsanzo pa Processing, chinenero cha kompyuta chimene Casey Reas ndi Ben Fry anapangira anthu ojambula. Amene ankamuyang'anira pa kafukufukuyo anali Reas yemweyo ndi mphunzitsi wina, Massimo Banzi. Mu 2005 Banzi ndi anzake anatenga ntchito ya Wiring n'kuisamutsira pa chip yotsika mtengo, ATmega8, n'cholinga choti bolodi yonse izigulidwa pa madola 30. Gululo linali la anthu asanu: Banzi, David Cuartielles wa ku Spain, David Mellis amene analemba mapulogalamu ambiri, Tom Igoe wa ku New York University, ndi Gianluca Martino amene ankayang'anira zopanga mabolodiwo mufakitale. Dzina analitenga ku bala ina ya ku Ivrea komwe ankakonda kukumana, ndipo balayo inali ndi dzina la Arduin, mfumu ya Italy kuyambira m'chaka cha 1002.

Dzina la Barragán silikhalapo pa mndandanda wa anthu asanu aja, ndipo mu 2016 iye analemba mbali yake ya nkhaniyi kuti mbiri iwongoke. Ali ndi chifukwa chomveka. Mawu amene aliyense wophunzira Arduino amalemba tsiku loyamba, monga digitalWrite ndi analogRead, anachokera mu Wiring. Aliyense wosimba mbiri ya kabolodika mwachilungamo ayenera kumutchula.

Chimene chinasintha zonse ndi chisankho chimene gululo linapanga litaona kuti sukulu yawo yatsala pang'ono kutsekedwa. Poopa kuti ntchitoyo ingafere m'kabati, anaika mapulani onse a bolodi pa intaneti ndi chilolezo choti aliyense angathe kukopera, kusintha, kupanga ngakhalenso kugulitsa. Anangosunga dzina lokha. Kwa munthu wamalonda zimenezi zimamveka ngati kutaya chuma, koma n'zimene zinafalitsa Arduino dziko lonse. Uno inatuluka mu 2010, ndipo pofika 2021 kampaniyo inalengeza kuti yagulitsa mabolodi a Uno okwana 10 miliyoni, osawerengera ongotengera opangidwa ndi makampani ena.

Pali kanthu kena kosangalatsa kamene katsalira pa bolodiyi mpaka lero. Pakati pa pini 7 ndi pini 8 pali mpata wosafanana ndi mipata ina yonse. Kunali kulakwitsa pojambula pulani yoyambirira. Pamene ankafuna kukonza, anthu anali atapanga kale timabolodi tambiri tovekera pamwamba pa Arduino, timene amatitcha ma shield, motsatira mpata wolakwikawo. Anangousiya.

Kanyale kophethira

Pafupifupi aliyense amayambira pamodzi. Amalumikiza bolodi ku kompyuta ndi chingwe cha USB, amatsegula pulogalamu yaulere ya Arduino, n'kutumiza chitsanzo chotchedwa Blink. Kanyale ka LED kolumikizidwa ku pini 13 kamayamba kuyaka sekondi imodzi, kuzima sekondi imodzi. Kenako munthuyo amasintha nambala 1000 kukhala 100, n'kuona kanyaleko kakuphethira mofulumira. Pamenepo mpamene ambiri amagwidwa mtima, chifukwa aona ndi maso kuti zimene alemba pa sikirini zasintha chinthu chogwirika chimene chili patebulo.

Pulogalamu iliyonse ya Arduino ili ndi zigawo ziwiri. Choyamba, setup, chimachitika kamodzi magetsi akangolowa. Chachiwiri, loop, chimabwerezedwa kosalekeza. Makina onse amene atchulidwe m'nkhani ino, ngakhale ouluka m'mlengalenga, maziko ake ndi omwewa: yeza chinthu, yerekezera ndi nambala imene unauzidwa, chitapo kanthu, bwerera poyamba.

Zoyezera zake, zimene amazitcha masensa, zilipo zamitundumitundu ndipo zambiri n'zotchipa. HC-SR04 imatulutsa kaphokoso kamene khutu la munthu silingamve, n'kuwerenga nthawi imene kaphokosoko katenge kuti kagunde chinthu n'kubwerera. Popeza phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, bolodi imawerengera mtunda. Ukaiika pachivindikiro cha thanki yoloza pansi, umadziwa pamene madzi afika osakwera makwerero. PIR imamva kutentha kwa thupi loyenda, ndipo ndiyo imayatsa nyale zapanja munthu akamadutsa. Palinso zoyeza kuwala, utsi, chinyontho cha m'dothi ndi kulemera kwa katundu. Mbali inayo kuli zochita ntchito: timamota, mabelu, timasikirini, ndi relay, yomwe ndi swichi yotsegulidwa ndi magetsi ochepa kuti iyatse chinthu chachikulu monga pampu. Poyeserera safunika kuwotcherera chilichonse, chifukwa mawaya amangowatsomeka pa kathabwa ka pulasitiki ka timabowo kotchedwa breadboard.

Zimene zatuluka m'manja mwa anthu

Zina mwa ntchito zoyambirira zinali zosangalatsa chabe. Mu 2006 ophunzira a ku New York University anapanga Botanicalls, njira yoti duwa la mumphika liziimbira mwini wake foni dothi likauma. Chaka chotsatira Leah Buechley anatulutsa LilyPad, Arduino yozungulira yosokerera pansalu ndi ulusi wodutsa magetsi m'malo mwa waya, ndipo anasoka jekete ya wopalasa njinga yokhala ndi timagetsi tosonyeza mbali imene akukhotera. LilyPad inakopa anthu osoka ndi oluka amene sankadziona ngati a zamagetsi.

Nkhani ya Jordi Muñoz ndi ina. Anabadwira ku Ensenada m'dziko la Mexico, ndipo mu 2007 anasamukira ku California ali ndi zaka pafupifupi 20. Podikira mapepala omulola kugwira ntchito, anatenga helikopita yoseweretsa, Arduino ndi masensa a m'chogwirira cha masewera a Nintendo Wii, n'kuyamba kuphunzitsa helikopitayo kudziwongola yokha m'mwamba. Chris Anderson, yemwe panthawiyo anali mkonzi wa magazini ya Wired, ataona ntchitoyo anamutumizira madola 500. Muñoz ankawotcha mabolodi ake mu uvuni waung'ono wa kukhitchini. Mu 2009 awiriwa anayambitsa kampani ya 3D Robotics, ndipo pulogalamu ya ArduPilot imene inachokera kumeneko lero imayendetsa ma drone, maboti ndi magalimoto opanda woyendetsa m'mayiko ambiri. Inakula mpaka kusiya chip yaing'ono ija n'kupita pa zamphamvu, koma dzina la Arduino linatsalirabe koyambirira kwa dzina lake.

Makina osindikiza zinthu zogwirika a 3D anadutsanso njira yomweyi. Adrian Bowyer wa pa yunivesite ya Bath ku Britain anayambitsa ntchito ya RepRap mu 2005, ndipo ambiri mwa makina amene anthu ankadzipangira kunyumba ankayendetsedwa ndi Arduino Mega. Pulogalamu ya Marlin, imene inakulira pamenepo, inadzalowa m'makina ambiri otchipa ogulitsidwa m'masitolo.

Koma ntchito imene ikuonetsa bwino kufunika kwa kabolodika ndi ya ku Japan. Pa 11 Malichi 2011 chivomerezi ndi madzi osefukira a m'nyanja zinawononga malo opangira magetsi a nyukiliya a Fukushima Daiichi. Anthu ankafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi mphamvu yoopsa ya radiation yafika pakhomo panga? Manambala amene ankalengezedwa anali a madera akuluakulu, ndipo makina oyezera otchedwa Geiger counter anatha m'masitolo m'masiku ochepa. Sean Bonner, Joi Ito ndi Pieter Franken anayambitsa gulu la Safecast, ndipo mothandizana ndi anthu a ku Tokyo Hackerspace anapeza njira yoti makina ochepa amene anali nawo ayeze dera lalikulu. Anaika Geiger counter, Arduino, GPS ndi kakhadi kosungira manambala m'kabokosi kosalowa madzi, n'kukamangirira pawindo la galimoto. Masekondi 5 alionse kabokosiko kankalemba muyezo ndi malo ake. Anakatcha bGeigie. Anthu odzipereka anayenda nako m'misewu, ndipo mapu amene anatuluka anaonetsa kuti muyezo umatha kusiyana kwambiri pakati pa msewu wina ndi unzake m'tauni imodzi. Pambuyo pake anapanga kakang'ono kotchedwa bGeigie Nano kamene munthu amagula zidutswa n'kulumikiza yekha. Miyezo imene gululi latolera yaposa 100 miliyoni, ndipo aliyense ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito.

Ku Stuttgart m'dziko la Germany anthu anachitanso chimodzimodzi ndi mpweya woipa kuyambira mu 2015. Kabolodi ka Wi-Fi ndi sensa yoyeza fumbi losaoneka amaziika m'zigongono ziwiri za paipi ya madzi oipa, n'kupachika pakhoma kunja kwa nyumba. Ntchitoyi, yomwe pano ikutchedwa Sensor.Community, yafalikira m'mayiko ambiri.

Anthu onsewa ankadziwa bwino vuto lawo asanadziwe zamagetsi. Kabolodi kanabwera pambuyo.

Pamene ntchito imavutira

Pa intaneti pali mavidiyo ambirimbiri a zinthu zimene zagwira ntchito kwa mphindi zisanu patebulo. Zimene zagwira ntchito kwa miyezi isanu panja n'zochepa. Kuti timvetse kusiyanako, titenge chitsanzo cha makina amene oweta nkhuku ambiri, kaya ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, angafune kukhala nawo: bokosi lofungatira mazira.

Zofunika zake n'zodziwika. Dzira la nkhuku limaswa pakatha masiku 21. Limafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 37.5, mpweya wa chinyontho ndithu, komanso kutembenuzidwa kangapo patsiku mpaka tsiku la 18, pamene kutembenuza kumalekeka ndipo chinyontho chimawonjezedwa kuti anapiye aboole chikhokho mosavuta. Pa pepala pulogalamu yake ndi ya mizere yochepa. Kukazizira, yatsa babu. Kukatentha, zimitsa. Pakatha maola angapo, yendetsa mota yopendeketsa thireyi.

Vuto loyamba ndi sensa. DHT11, yomwe imapezeka m'mapaketi ambiri a oyamba kumene, imatha kuphonya ndi madigiri 2. Poyeza kutentha kwa chipinda zimenezo zilibe kanthu, koma kwa dzira madigiri awiri angaphe mwanapiye. DHT22 kapena DS18B20 zimaphonya ndi theka la digiri, ndipo ngakhale zimenezo munthu wanzeru amaziyerekezera kaye ndi thermometer ya kuchipatala. Malo oiikapo nawonso ndi nkhani. Sensa ikakhala pafupi ndi babu imanena kutentha kwa babulo pomwe mazira a pakona akuzizidwa, n'chifukwa chake m'bokosimo mumafunika kafani kozunguza mpweya.

Vuto lachiwiri limaoneka tsiku loyamba lomwe. Ukauza bolodi kuti izizimitsa babu pa 37.5 n'kuyatsanso pa 37.5 pomwepo, relay imangoti tcha tcha tcha osapuma mpaka kupsa. Opanga amasiya kampata: yatsa kutentha kukatsika pa 37.3, zimitsa kukafika pa 37.7.

Lachitatu ndi limene aliyense wokhala kumene magetsi amathimathima angaliganizire msanga, ngakhale kuti malangizo ambiri olembedwa ku Ulaya salitchula. Arduino Uno ilibe wotchi. Imangowerenga nthawi kuchokera pamene inayatsidwa. Magetsi akathima pa tsiku la 17 n'kuyakanso, imayamba kuwerenga pa ziro, n'kumatembenuzabe mazira amene amayenera kusiyidwa phee. Mankhwala ake ndi kawotchi kapadera monga DS3231, kamene kali ndi batire lakelake longa ndalama yachitsulo, kapena kulemba tsiku m'kachigawo ka chip kotchedwa EEPROM kamene sikafufutika magetsi akachoka. Komabe wotchi yolondola siifunditsa mazira. Wopanga woganiza bwino amayambira pa batire la ma volt 12 ndi sola, n'kusankha chotenthetsera chogwirizana nazo, m'malo modalira magetsi a pakhoma.

Makina othirira dimba ali ndi mavuto akeake. Sensa yotchipa ya chinyontho, ya timiyendo tiwiri tachitsulo, imadyeka ikakhala m'dothi lonyowa magetsi akudutsamo, ndipo pakapita milungu ingapo imayamba kunama. Ina yokutidwa, imene chitsulo chake sichikhudza dothi, imakhalitsa. Pampu ikamayaka imakoka magetsi mwadzidzidzi, ndipo ngati ikugawana gwero limodzi ndi bolodi, bolodiyo imazima n'kuyambiranso. Pini ya Uno imayenera kupereka ma milliamp 20 okha, okwanira kanyale kamodzi. Amene amalumikiza mota mwachindunji papini amawotcha chip. Nyerere zimalowa m'bokosi, mame amanyowetsa mawaya, dzuwa limaswa pulasitiki. Mawaya otsomeka pa breadboard amagwedera, choncho chinthu chikatsimikizika kuti chikugwira ntchito chimafunika kuwotcherera.

Apa mpamene anthu okonza mawailesi ndi mafoni m'misika ali patsogolo kuposa ophunzira ambiri a zamakompyuta. Amadziwa kugwira chowotcherera, amadziwa kufufuza pamene magetsi adukira ndi mita, ndipo amadziwa kuchotsa mota yabwino mu printer yakufa kapena kafani mu kompyuta yotayidwa. Chimene chawatsalira ndi kulemba pulogalamu, ndipo pa ziwirizi chimenecho ndicho chophweka kuphunzira.

Chenjezo limodzi siliyenera kuchepetsedwa. Ma volt 5 a pabolodi sangavulaze munthu, koma relay ikalumikizidwa ku magetsi a m'nyumba a ma volt 230, pamakhala imfa ndi moto. Tima relay tambiri totchipa talembedwa manambala akuluakulu amene sitingapirire kwa nthawi yaitali, makamaka pa pampu kapena chotenthetsera madzi. Woyamba kumene achite zonse ndi batire, ndipo mbali ya magetsi a pakhoma aisiyire wodziwa ntchito ya mawaya. N'chimodzimodzinso ndi zipangizo zokhudza moyo wa munthu. Nthawi ya Covid-19 anthu ambiri anayesa kupanga makina othandiza kupuma ndi timabolodi totere, ndipo mtima wawo unali wabwino, koma makina oikidwa pa wodwala amafunika kuyesedwa mozama kuposa mmene munthu angachitire m'chipinda chake.

Abale ake ndi opikisana nawo

Chifukwa mapulani ake ndi a aliyense, mafakitale a ku China, makamaka ku Shenzhen, amapanga mabolodi ofanana ndi Uno n'kumagulitsa pa madola ochepa. Malamulo amalola zimenezi bola asalembepo dzina ndi chizindikiro cha Arduino. Ambiri amagwira ntchito bwinobwino, kungoti ena amagwiritsa ntchito chip ya USB yotchedwa CH340 imene pa makompyuta ena imafuna kuikira kaye pulogalamu yake. Kwa ophunzira a m'mayiko amene ndalama zakunja zimavuta, mabolodi amenewa ndiwo khomo lolowera. Funso loti ndani adzalipire anthu okonza pulogalamu yaulere ija ngati aliyense akugula zongotengera ndi lenileni, ndipo ena amene angakwanitse amagula yeniyeni imodzi pa chifukwa chimenecho.

Mu 2014 kunatulukira chip ina ya kampani ya Espressif ya ku Shanghai, ESP8266, yokhala ndi Wi-Fi pamtengo wotsika kwambiri. Malangizo ake anali m'Chitchaina, koma anthu okonda zoyesayesa anawamasulira okha, ndipo Ivan Grokhotkov anakonza njira yoti chip imeneyi izilembedwera mapulogalamu ngati Arduino. Mng'ono wake, ESP32, anabwera mu 2016 ndi Bluetooth yomwe. Masiku ano amene akufuna kuti thanki yake izimutumizira uthenga pafoni nthawi zambiri amasankha imeneyi, ndipo kumene kulibe Wi-Fi amaika kachipangizo kolowetsa SIM khadi kuti kazitumiza SMS.

Ku Britain, BBC inagawa kwaulere timabolodi ta micro:bit kwa ana asukulu a zaka 11 ndi 12 pafupifupi 1 miliyoni mu 2016. Kabolodi kalikonse kali ndi tinyale 25 ndi mabatani awiri, ndipo mwana amalemba pulogalamu pongolumikiza timabokosi pa sikirini. Mu Januwale 2021 a Raspberry Pi, amene ankadziwika ndi timakompyuta tating'ono, anatulutsa microcontroller yawo, Pico, pa madola 4. Pico imalola kulemba m'chinenero cha MicroPython, chimene ambiri amachiona chophweka kuposa C++ ya Arduino.

Nayo Arduino sinaime. Mu 2023 inatulutsa Uno R4, yokhala ndi chip yamphamvu ya kampani ya Renesas koma maonekedwe ndi mapini osasintha, kuti ma shield akale azikwanabe. Kenako mu Okutobala 2025 kampani yaikulu ya ku America yopanga ma chip a mafoni, Qualcomm, inalengeza kuti ikugula Arduino, ndipo tsiku lomwelo anaonetsa bolodi yatsopano, Uno Q, imene ili ndi microcontroller pamodzi ndi kompyuta yoyendera Linux. Makampani awiriwa analonjeza kuti Arduino ipitiriza kugwira ntchito ndi ma chip a makampani ena komanso kusunga mwambo wake wosabisa mapulani. Aphunzitsi ndi opanga zinthu ambiri analandira nkhaniyi ndi nkhawa, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka, chifukwa chinthu chimene chinapangidwira mwana wasukulu wa madola 30 tsopano chili m'manja mwa kampani imene makasitomala ake akuluakulu ndi mafakitale. Mabolodi a m'tsogolo angathe kutsata zofuna za mafakitalewo. Koma mapulani a Uno yakale ndi pulogalamu yake zinaperekedwa kale kwa anthu onse ndi chilolezo chimene mwini watsopano sangachilande, ndipo mafakitale a ku Shenzhen akupitiriza kuzipanga.